Za Mlandu wa Ziphaso za Mfuti ku America

Akulu athu amati mlandu suwola. Kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko la America, kuli mlandu umene wakhala pabwalo zaka zoposa 100, ndipo kufikira lero sunathe. Mutu wake ndi uwu: kodi munthu wofuna kugula mfuti ayambe wapita kwa akulu a boma kukapempha chiphaso, kapena angolowa m'sitolo ndi ndalama zake monga achitira wogula khasu? Pamwamba pa funso limeneli panamera linzake, ndilo limene ndifuna kuti tilione bwino mwezi uno. Boma Lalikulu la dzikolo lilibe mphamvu yolamula zigawo zake kuti ziike lamulo la ziphaso. Tsono ena akuti lizikope ndi ndalama, ndipo ena akuti ndalama zotere ndi nyambo ya pambedza.

Wina asayese kuti iyi ndi nkhani ya anthu okonda makani chabe. M'chaka cha 2021 chokha anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dzikomo, ndipo oposa theka la iwo anali odziwombera okha pa tsiku la kutaya mtima. Aliyense wa iwo anasiya nyumba ya maliro.

Kuti timve bwino mlanduwu tiyambe tadziwa mamangidwe a boma lawo, pakuti sali ofanana ndi athu. Pachiyambi panali maiko aang'ono 13 amene anali pansi pa mfumu ya ku Britain. M'chaka cha 1776 anaikana mfumuyo, namenya nkhondo, napambana; ndipo m'chaka cha 1787 akulu awo anasonkhana mumzinda wa Philadelphia, nalemba malamulo aakulu omanga maikowo pamodzi. Koma sanafune kuti, atachotsa mfumu yakutali, adziikire ina yapafupi. Chifukwa chake Boma Lalikulu, limene likhala mumzinda wa Washington, analipatsa ntchito zowerengeka: nkhondo, ndalama, misonkho, kuyendetsa makalata, ndi malonda oyenda pakati pa chigawo ndi chinzake. Zotsala zinakhala m'manja mwa zigawo, zimene lero zili 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo, apolisi ake ndi mabwalo ake a milandu. Okalamba pakati pathu akumbukira chitaganya cha 1953, chimene anatimanga nacho pamodzi ndi maiko a Rhodesia osatifunsa. Cha ku America chinasiyana nacho pa ichi, kuti zigawo zoyambazo zinalowa mwa kufuna kwawo, ndipo kufikira lero zichita nsanje ndi ufumu wawo.

M'chaka cha 1791 anawonjezera ndime 10 pa malamulo aakuluwo, ndipo ziwiri mwa izo ndizo mizati ya mlandu wathu. Yachiwiri inena za gulu la nzika zokonzekera kuteteza dziko, ndi kuti ufulu wa anthu wakusunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Yachikhumi inena kuti mphamvu iliyonse imene sinaperekedwe ku Boma Lalikulu itsala ndi zigawo, kapena ndi anthu eni ake. Mfuti za masiku amenewo zinali zonga za gogodera za makolo athu, zothira onga kukamwa ndi kutsendera, zowombera kamodzi munthu nayambanso kuthira. Olemba aja sanaone mfuti yolavula zipolopolo 30 m'kanthawi. Koma mawu awo alipobe, ndipo ndiwo amene oweruza awerenga.

Chigawo cha New York ndicho chinatchuka poyamba ndi lamulo la ziphaso. Mu Januwale 1911 mlembi wina wa mabuku, dzina lake David Graham Phillips, anawomberedwa dzuwa likuswa mtengo mumsewu wa mumzinda wa New York, namwalira m'mawa mwake. Anthu anagwidwa nthumanzi, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya chigawocho inavomera lamulo limene linatchedwa ndi dzina la phungu wolibweretsa, Timothy Sullivan. Lamulolo linati munthu asakhale ndi mfuti yaifupi, ija yobisika m'thumba, popanda chiphaso. Taonani kuti m'lamuloli munali kale mbewu ya mkangano. Wopereka chiphaso anali ndi mphamvu yakuvomera kapena kukana monga kunamkomera, ndipo sipanapite nthawi anthu anayamba kudandaula kuti odziwika ndi olemera alandira msanga, pamene alendo osauka, makamaka ochokera ku Italy, ndiwo agwidwa ndi kumangidwa. Zigawo zina zinatsatira: North Carolina mu 1919 ndi Missouri mu 1921 zinalamula kuti wogula mfuti yaifupi ayambe walandira kalata kwa akulu a boma a kwawo. Maina awiriwa muwasunge, awerengi, pakuti tikumana nawonso.

Boma Lalikulu linalowa m'nkhaniyi mochedwa, ndipo linalowera khomo lakuseri. Kuyambira 1920 kufikira 1933 mowa unali woletsedwa m'dziko lonselo, ndipo magulu a achifwamba ogulitsa mowa mobisa anali kuphana m'mizinda ndi mfuti za chiwaya zonyamula m'manja. Ku Chicago, mu Febuluwale 1929, anapha amuna 7 nthawi imodzi atawaimika kukhoma. Pulezidenti Franklin Roosevelt ndi nduna yake ya za malamulo, Homer Cummings, anafuna kuchitapo kanthu. Koma Cummings anaona kuti kungoletsa mfuti kungathe kugwa pabwalo la milandu, pakuti mphamvu yotere sinalembedwe. Tsono anaganiza zokhometsa msonkho, popeza mphamvu ya msonkho palibe akanaikana. Lamulo la 1934 linaika msonkho wa madola 200 pa mfuti ya chiwaya iliyonse yosinthana manja, ndalama zofanana ndi mtengo wa mfutiyo. Poyamba anafuna kuti mfuti zazifupi zilowemonso, koma zinachotsedwa lamulolo lisanavomerezedwe. Chodabwitsa kwa ife a lero ndi ichi, kuti mtsogoleri wa bungwe la eni mfuti la National Rifle Association, Karl Frederick, anauza aphungu chaka chimenecho kuti iye sakondwera kuti anthu azingoyenda ndi mfuti mwachisawawa, ndi kuti kunyamula kuyenera kukhala kwa a ziphaso okha. Bungwe lomwelo ndilo linadzakhala mdani wamkulu wa ziphaso m'zaka za m'tsogolo mwake.

Chaka chimene chiphaso chinayandikira kwambiri kukhala lamulo la dziko lonse ndi 1968. Zaka 5 m'mbuyo mwake, mu 1963, Pulezidenti John Kennedy anaphedwa ndi mfuti imene wakuphayo anaitanitsa pa kalata, nalipira madola ngati 20, ndipo inamfikira ku positi ofesi. Mu Epulo 1968 anaphedwa mbusa Martin Luther King ku Memphis, ndipo mu Juni anaphedwa Robert Kennedy, mng'ono wa Pulezidenti uja, ku Los Angeles. Pamenepo Pulezidenti Lyndon Johnson anapempha Congress, ndiyo nyumba ya malamulo ya dziko lonse, kuti mfuti iliyonse ilembedwe m'kaundula, ndi kuti mwini mfuti aliyense akhale ndi chiphaso. Njira yake inali yotere: chigawo chilichonse chikonze chokha lamulo lofikira pa muyeso woikika, ndipo kumene chigawo chilephera, Boma Lalikulu lidzapereka ziphaso lokha. Phungu wa ku Maryland, Joseph Tydings, ndiye anasenza nkhaniyi mu Senate, imene ili mbali imodzi ya ziwiri za Congress. Makalata a eni mfuti anagwa m'maofesi a aphungu ngati dzombe, ndipo ziphaso zinakanidwa. Lamulo limene Johnson anasayina mu Okutobala linaletsa kuitanitsa mfuti pa kalata kuchokera ku chigawo china, linaletsa a masitolo kugulitsa mfuti yaifupi kwa munthu wa chigawo china, ndiponso linatchula anthu osayenera kugula, monga opezeka ndi milandu yaikulu. Koma posayinapo iye mwini ananena poyera kuti lamulolo laperewera. Tydings anagwa pa chisankho cha 1970, ndipo aphungu anzake anaphunzirapo kanthu. Mu 1986 Congress inafika poletsa Boma Lalikulu kusunga kaundula wa eni mfuti.

Tsopano ndipatuke pang'ono kunena za mowa, pakuti njira ya ndalama inatsegukira kumeneko. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 zigawo zinali zosiyana pa msinkhu woyambira kugula mowa: kwina zaka 18, kwina 19, kwina 21. Anyamata anali kukwera galimoto usiku, naoloka malire kukamwa kumene lamulo linali lofewa, ndipo pobwerera ambiri anali kufera m'misewu. Boma Lalikulu silinathe kulamula, koma ndilo linali kupereka ndalama zambiri zomangira misewu ikuluikulu. Mu 1984 Congress inati chigawo chosakweza msinkhuwo kufika pa 21 chidzachotseredwa madola 5 pa 100 alionse a ndalama za misewu. Chigawo cha South Dakota chinakasuma, poona kuti kumeneko ndi kulamula kovala malaya a mphatso. Mu 1987 Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula, oweruza 7 kutsutsana ndi 2, kuti Boma lingathe kumangirira mawu pa ndalama zake, malinga mawuwo akhale omveka, okhudzana ndi ntchito ya ndalamazo, ndipo kukopako kusakule kufikira kusanduka chikakamizo. Pofika 1988 zigawo zonse zinali zitakweza.

Kwa ife a sukulu za mishoni njira iyi si yachilendo. Masiku a Nyasaland Boma linali kuthandiza sukulu zathu ndi ndalama, koma linali kufuna aphunzitsi a masatifiketi ndi kutuma oyendera ake. Mishoni inali yaufulu kukana, komatu njerwa ndi mabuku sizigulidwa ndi ufulu. Kupatsa nkuika, anatero akale; wolandira adziwa kuti dzanja lopatsalo lidzabweranso.

Zaka 10 pambuyo pa mlandu wa South Dakota, Bwalo lomwelo linatseka khomo linalo, la kulamula. Kunali tere. Mu Malichi 1981 munthu wina anawombera Pulezidenti Ronald Reagan. Iye anachira, koma womlankhulira kwa atolankhani, James Brady, chipolopolo chinamlowa m'mutu, nakhala wolumala moyo wake wonse. Brady ndi mkazi wake Sarah anavutikira lamulo zaka zambiri, ndipo mu 1993 Pulezidenti Bill Clinton analisayina. Linati wogula mfuti yaifupi m'sitolo adikire kufikira masiku 5, ndipo pa masiku amenewo mkulu wa apolisi wa m'dera lake afufuze ngati ali ndi mbiri yomletsa. Koma ambiri a akulu a apolisi amenewa, otchedwa sheriff, asankhidwa ndi anthu a m'dera lawo, sali antchito a ku Washington ayi. Mmodzi wa ku Montana, Jay Printz, ndi mnzake wa ku Arizona, Richard Mack, anakana kutumidwa ndi amene sanawalembe ntchito, nakasuma. Mu 1997 Bwalo linawavomereza, oweruza 5 kutsutsana ndi 4: Boma Lalikulu silingasandutse akapitawo a zigawo kukhala amithenga ake. Kufufuzako sikunafe, pakuti kuyambira 1998 ofesi ya FBI inayamba kukuchita pa makina. Koma mwambo unakhazikika. Kuyambira pamenepo, wofuna kuti zigawo zichite kanthu pa za mfuti anatsala ndi njira imodzi, ndiyo ya thumba la ndalama.

Njirayo inayesedwa pambuyo pa tsoka la 2007. Mu Epulo chaka chimenecho wophunzira wina pa sukulu yaukachenjede ya Virginia Tech anapha anthu 32. Zinadziwika pambuyo pake kuti bwalo la milandu linali litampeza kale kuti ngodwala maganizo ndi woopsa kwa iye mwini, chinthu chimene chikanamletsa kugula mfuti. Koma mbiriyo sinatumizidwe ku makina a FBI, ndipo anagula mfuti ziwiri popanda womletsa. Congress inagwirizana, ndipo mu Januwale 2008 Pulezidenti George W. Bush anasayina lamulo lopatsa zigawo ndalama zokonzera mabuku awo ndi kutumiza mbiri zotere. Ngakhale National Rifle Association inavomera, itapatsidwa chake: kuti chigawo cholandira ndalama chikonzenso njira imene munthu wochira angabwezeredwe ufulu wake. Mbiri zotumizidwa zinachuluka kufikira mamiliyoni. Apa ndalama zinagwira ntchito ndithu, ndipo ndiyesa chifukwa chake nchakuti panalibe wokana kuti ntchitoyo njabwino; chosowa chinali alembi ndi makina basi.

Za ziphaso sizinayende chomwecho, ngakhale umboni unayamba kuoneka. Mu 1995 chigawo cha Connecticut chinalamula kuti wogula mfuti yaifupi ayambe wakaonekera yekha kwa apolisi, afufuzidwe, aphunzire maola 8 za kagwiridwe ndi kasungidwe ka mfuti, ndipo akhale wa zaka 21. Mu 2007 Missouri inachita zosiyana, nifafaniza lamulo lake lija la 1921. Potero panapezeka zigawo ziwiri zoyerekeza, china chotseka chipata, china chotsegula. Akatswiri a ku sukulu ya Johns Hopkins, mmodzi wa iwo Daniel Webster, anawerenga imfa za m'zigawo zonse ziwiri. Anapeza kuti ku Connecticut, pa zaka 10 zoyamba, kuphana ndi mfuti kunachepa ndi 40 pa 100 poyerekeza ndi m'mene kukanakhalira popanda lamulolo. Ku Missouri kunakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Otsutsa anayankha kuti zigawo ziwiri sizikwanira kuweruzira dziko lonse, ndi kuti m'zaka zomwezo zinthu zina zambiri zinali kusinthanso.

Wina angafunse kuti, nanga chiphaso chiwonjezera chiyani pamene kufufuza kwa FBI kulipo kale? Lamulo la dziko lonse limanga ochita malonda a mfuti okha. Munthu wamba wogulitsa mfuti yake kwa mnzake wa m'chigawo chomwecho silimkakamiza kufufuza. Chiphaso chitseka mpata umenewo, pakuti wogulitsa aliyense ayenera kuchiona. Ndiponso chigawenga choletsedwa chimatuma munthu wa mbiri yoyera, bwenzi kapena mbale, kukagula m'malo mwake. Wotumidwayo saopa kulowa m'sitolo. Koma kukaima pamaso pa wapolisi ndi kusiya chidindo cha zala zake, pamenepo ambiri abwerera pakhomo. Ndipo masiku odikira apatsa mpata munthu wotaya mtima kuti usiku wake woipa upite.

Pa 14 Disembala 2012 mnyamata wina analowa m'sukulu ya ana aang'ono ya Sandy Hook, m'chigawo chomwecho cha Connecticut, napha ana 20 a zaka 6 ndi 7, pamodzi ndi akulu 6. Ine amene ndaima zaka zambiri pamaso pa ana a msinkhu umenewo sindikhoza kulemba mzere uwu mopepuka. Tinene zoona: chiphaso cha Connecticut sichinawapulumutse, pakuti mfutiyo inali ya amake a wakuphayo, yogulidwa mwalamulo. Mu Epulo 2013 lamulo lofuna kukulitsa kufufuza ogula linapeza aphungu 54 mwa 100 a Senate, koma linagwa, pakuti mwambo wa nyumbayo ufuna 60 kuti nkhani ipitirire. Chigawo cha Maryland sichinadikire a ku Washington. Chaka chomwecho chinaika chiphaso chakechake.

Poona kuti kulamula nkoletsedwa, ndipo lamulo la dziko lonse silidutsa, aphungu ena anatembenukira ku njira ya mowa ija, koma yofewa koposa. Mu 2015 Chris Van Hollen wa ku Maryland, pamodzi ndi aphungu a ku Connecticut, Chris Murphy, Richard Blumenthal ndi Elizabeth Esty, anabweretsa lamulo lakuti chigawo chofuna kuika chiphaso cha wogula mfuti yaifupi chipatsidwe ndalama zoyendetsera ntchitoyo. Chigawo chokana sichilandidwa kanthu. Mu 2018 Edward Markey wa ku Massachusetts anabweretsa lina lofanana nalo, lokopa zigawo kuti zitengere chitsanzo cha kwawo, kumene mkulu wa apolisi wa tauni ndiye apereka chiphaso, ndipo imfa za mfuti nzochepa kwambiri poyerekeza ndi zigawo zambiri. Malamulo awiriwa anabweretsedwanso kangapo, koma pofika 2025 panalibe limene linavomerezedwa.

Ofuna ndalamazi mawu awo olemera ndi a malire. Mu 2016 ofesi ya mkulu wa za malamulo wa chigawo cha New York inawerenga mfuti zogwidwa pa milandu, nipeza kuti pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse zinagulidwa poyamba m'zigawo zina. Ungalambule bwino udzu kuzungulira nkhokwe yako, koma mnansi akasiya wake, moto wa tchire sufunsa kuti malire ali pati. Chifukwa chake, iwo atero, nkhaniyi si ya chigawo chimodzi, ndipo Boma la onse liyenera kuikapo dzanja. Atinso ntchito ya ziphaso ifuna alembi, makina ndi aphunzitsi, ndipo chigawo chosauka chisalephere chifukwa cha mtengo wake.

Okana nawonso sali opanda mawu, ndipo tichimwa tikawayesa onse anthu ouma mtima. Ambiri ndi alimi ndi alenje a kumidzi yakutali, kumene wapolisi woitanidwa usiku afika zinthu zitatha kale. Iwo ati ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu sufuna chilolezo, monga munthu sapempha chiphaso kuti apemphere kapena kuti alankhule. Bwalo Lalikulu linawalimbitsa mu 2008, ponena kuti ndime yachiwiri ija ndi ufulu wa munthu payekha wosunga mfuti m'nyumba mwake, ndipo mu 2010 linati ufuluwo umanganso zigawo. Atinso ndalama zotchedwa mphatsozo ndi msonkho wa anthu onse, wa ku Texas ndi wa ku Wyoming yemwe. Nanga atengedwerenji ndalama zawo kukalipira lamulo limene iwo alikana? M'maso mwawo chigawo cholandira chifanana ndi Esau pa mbale ya mphodza. Ndipo akumbutsa za 2012, pamene Bwalo linakana njira ya Boma yoopseza zigawo kuti zidzalandidwa ndalama zonse za chithandizo cha odwala osauka zikakana kukulitsa ntchitoyo. Mkulu wa oweruza, John Roberts, anafanizira chiopsezo chimenecho ndi mfuti yoloza pamutu. Mphatso ya lero, iwo atero, ndiyo chiopsezo cha mawa, pakuti chigawo chikazolowera ndalama sichikhozanso kuzisiya.

Koma mawu awo olasa koposa ndi a mbiri ya anthu akuda. Pa 30 Januwale 1956, ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, adani anaponya bomba pa nyumba ya mbusa Martin Luther King uja, mkazi wake ndi khanda ali m'kati. Mulungu anawasunga. Mbusayo anapita kukapempha chiphaso chonyamulira mfuti, ndipo akulu a boma a kumeneko anamkaniza. Pambuyo pake iye anataya zida zonse, nasankha njira yosabwezera. Koma nkhaniyo inatsala ngati mboni ya chimene chichitika cholembera chikakhala m'dzanja la munthu wokondera. Pamene nyumba ya malamulo ya North Carolina inafafaniza lamulo lake lija la 1919 mu Malichi 2023, ngakhale bwanamkubwa Roy Cooper anakana, ofafanizawo ananena kuti lamulolo linabadwa masiku a tsankho. Otsutsana nawo anayankha kuti lero ophedwa ndi mfuti kopambana, poyerekeza ndi chiwerengero chawo, ndi anyamata akuda omwewo.

Ine ndikaika mawu onsewa pa sikelo ndiona kuti okana alakwa pa chimodzi, nakhoza pa china. Alakwa poyesa chikakamizo mphatso imene silanda kanthu kwa woikana. Mlandu wa 1987 ndi wa 2012 waonetsa poyera pamene pali malire, ndipo malamulo a Van Hollen ndi Markey ali m'kati mwenimweni mwa malirewo. Ndalama za msonkho tsiku lililonse zipita ku ntchito zimene okhoma ena sazikonda. Koma akhoza ponena kuti chiphaso chikoma kapena kuipa monga aliri wochipereka. Ndipo ofuna ndalama nawonso adzinyenga akayesa kuti chosowa ndi ndalama. Missouri ndi North Carolina sizinafafanize malamulo awo chifukwa chosowa alembi. Zinawafafaniza chifukwa sizinawafune. Msinkhu wa mowa unagulika ndi madola 5 pa 100 popeza ndi ochepa amene anayesa mowa wa mnyamata wa zaka 19 kukhala mzati wa ufulu wawo. Pa za mfuti anthu otere ali mamiliyoni, ndipo aponya voti.

Sabata imodzi ya mu Juni 2022 inaonetsa zonsezi pamodzi. Pa 23 Juni Bwalo Lalikulu, oweruza 6 kutsutsana ndi 3, linagwetsa mbali ya lamulo lakale la New York imene inafuna kuti wopempha chiphaso chonyamulira mfuti kunja aonetse chifukwa chapadera chokhutiritsa wopereka. Koma silinagwetse ziphaso zonse; linasiyira malo zija zimene muyeso wake uli wolembedwa poyera, monga kufufuzidwa ndi kuphunzira, kotero kuti wokwanitsa sangakanizidwe. Masiku awiri pambuyo pake, pa 25 Juni, Pulezidenti Joe Biden anasayina lamulo limene Chris Murphy uja anapangana ndi John Cornyn wa ku Texas, wa chipani chinacho, ataphedwa ana 19 ndi aphunzitsi 2 pa sukulu ya ku Uvalde m'mwezi wa Meyi. M'lamulomo munali madola 750 miliyoni a zigawo. Ena anafuna kuti ndalamazo zikope zigawo kuika lamulo lolola woweruza kulanda mfuti kwa kanthawi kwa munthu woonetsa zizindikiro zoopsa. Koma kuti apezeke aphungu 60 aja, anavomera kuti chigawo chosafuna lamulo lotere chilandirebe gawo lake, ndi kuligwiritsa ntchito zina, monga mabwalo othandiza odwala maganizo ndi ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Aphungu 65 anavomera. Nyambo inaperekedwa, mbedza itachotsedwa. Za chiphaso cha wogula munalibe mawu ndi amodzi omwe.

Kuyambira pamenepo zigawo zayenda njira ziwiri, chilichonse ndi ndalama zake. Delaware inavomera chiphaso cha wogula mu 2024, ndipo chigawo cha Washington, cha kugombe la kumadzulo, kutali ndi mzinda wa dzina lomwelo, chinatero mu 2025. Mbali inayo, pofika 2024 zigawo 29 zinali zitalola munthu wamkulu kunyamula mfuti yobisika popanda chiphaso chilichonse. Lamulo la Maryland linatsutsidwa pabwalo, ndipo linapambana mu 2024. Mu Januwale 2025 Bwalo Lalikulu linakana kuumvanso mlanduwo.

Pali mtsinje wotchedwa Potomac umene ulekanitsa Maryland ndi West Virginia. M'chaka cha 2025 munthu wokhala tsidya la Maryland akafuna mfuti yaifupi anayenera kuphunzira maola 4, kudinda zala, kulipira madola 50, ndi kudikira chiphaso chake kufikira masiku 30. Atachilandira, pogula anadikiranso masiku 7. Mnzake wa tsidya linalo analowa m'sitolo, nafufuzidwa pa makina mphindi zowerengeka, natuluka nayo tsiku lomwelo; kapena anagula kwa mnansi wake popanda kufufuzidwa konse. Pa tauni ya Harpers Ferry pali mlatho wa oyenda pansi wolumikiza matsidya awiriwa, ndipo kuuoloka sikutha mphindi 10.